Garoafa, Mtengwa Amene Amatiimika Panja

Mukadutsa kuseri kwa fakitale yakale ya shuga nthawi ya chakudya, mudzaona amuna awiri ataima panja pa nyumba yosanja yachikasu, zipewa kumutu, manja m'matumba, kaya kuli dzuwa kaya kukugwa chipale chofewa. Wamimbayo ndi Iorgu. Wandevu zoyerayo ndine Bratu, mng'ono wa bambo ake. Anthu a m'tauni akamadutsa pa galimoto amalozerana n'kumati onani Atsigani, boma lawamangira nyumba koma iwo akonda kuima panja ngati mahatchi. Sindiwayankha. Ndinasiya kalekale kufotokozera munthu amene watseka galasi la galimoto. Koma nkhaniyi yakambidwa mokhota nthawi yaitali, ndipo ine kusukulu ndinapitako pang'ono, mokwanira kulemba chinthu mmene chilili. Chimene chimatiimika panja si ulesi. Ndi mkazi wa Iorgu, Garoafa.

Garoafa anabwera kwathu ali kamtsikana, kuchokera ku banja la osula mkuwa anzathu a kutsidya kwa mtsinje. Anamusankha ndi akulu anga a Tanase, bambo a Iorgu, ndipo chifukwa chake anatiuza poyera: mtsikanayo sankadzutsa maso. A Tanase ankati mtengwa woyang'ana pansi ndiye mtengwa. Zimene munthu amaganiza atayang'ana pansi, iwo sanafunse.

Ife Aromani osula mkuwa, amene a m'tauni amatitcha Atsigani, tili ndi mwambo wa ukhondo umene agaje, kutanthauza anthu ena onse amene si ife, saudziwa. Thupi kuyambira m'chiuno kupita kumwamba ndi loyera. Kuyambira m'chiuno kupita pansi ndi lodetsedwa, makamaka la mkazi amene watha msinkhu. Ndiye pali beseni la mbale, beseni la malaya a amuna ndi beseni la masiketi, ndipo mabeseniwa sakumana. Siketi ikakhudza kapu, kapuyo amaitaya. Mkazi salumpha nyundo ya mwamuna. Koposa zonse, mkazi sayenda pamwamba pa mutu wa mwamuna. Mwamuna amene zimenezi zamuchitikira timati ndi marime, wodetsedwa, ndipo anzake sadya naye, samwa naye, pa ukwati amamuikira kapu yakeyake ngati wodwala chifuwa chachikulu. Kwa ife kulibe chilango choposa chimenecho. Ndende ya boma ndi yabwinoko, chifukwa kumeneko munthu amadya ndi anzake.

Agaje amatsuka makapu mu sinki momwe achapira zovala zamkati, amagona ndi agalu pabedi, kenako amatseka mphuno ife tikamadutsa. A Tanase anawasulira miphika yotchezera kachasu wa mapulamu moyo wawo wonse. Akapita kukapereka mphika, mwini nyumba ankawapatsa madzi m'kapu yong'aluka, yoti akachoka aitaye. A Tanase ankalandira mwaulemu, n'kuthira madziwo pansi mwini nyumba akatembenuka. Aliyense ankatsala akuthokoza Mulungu kuti sanatenge litsiro la mnzake.

Pa mwambo wonsewu, wosenza mabeseni anali Garoafa. Ankadzuka woyamba, kutunga madzi pa mpopi wa kumsewu, kukoleza moto wa apongozi ake, kukwecha miphika yatsopano ndi phulusa mpaka munthu kudzionera nkhope, kenako kuimangirira kumsana n'kumayenda nayo m'misika. A Tanase ankamenya nyundo n'kulandira ulemu. Iorgu ankathandiza ndi malangizo. Pakudya amuna tinkayamba, iye ataima kumbuyo ndi jagi ya madzi, ndipo sindikumbukira tsiku limene siketi yake inakhudza chinthu chosayenera. Apongozi ake aakazi atamwalira, ntchito yawo inangowonjezeka pa yake, popanda msonkhano.

Ntchito ya mkuwa itafa, chifukwa anthu anapeza mapoto otchipa a kufakitale, Iorgu ndi Garoafa anapita kunja monga anachitira aliyense. Ine sindinapiteko. Ndikunena zimene Garoafa anandiuza, ndipo iye sakometsera nkhani. Ku Italiya ankawatcha akuba a ku Romania. Agaje a kuno kwathu amene ankagwira ntchito komweko ankakwiya, ankati awa si a kwathu, akutiipitsira mbiri, abwerere ku India. Ku India kumene ngakhale agogo a agogo athu sankadziwa njira yake. Ku Sipeni anawakonda kwambiri, kuyambira tsiku loyamba kukolola adyo mpaka tsiku lomaliza. Kumenekonso anaona kuti Mromani akagwira gitala pa siteji amamuombera m'manja, koma mawa lake akafuna nyumba ya lendi, nyumbayo imakhala itangotengedwa kumene. Ku Falansa apolisi anagumula zisakasa zawo mwaulemu kwambiri, akunena pepani, n'kuwakweza ndege yaulere kubwerera kuno. Iorgu mpaka lero amanyadira kuti anakwerapo ndege.

Ku Italiya kuja Garoafa anasamalirapo gogo wina wachigaje amene ana ake analibe nthawi. Ankamusambitsa, kumutembenuza, kumudyetsa. Gogoyo ankamulola kugwira thupi lake lonse, koma masupuni asiliva ankawabisa pansi pa pilo. Anamwalira atagwira dzanja la Garoafa. Ana ake anabwera, analira, kenako anapempha kuti aone m'chikwama cha Garoafa asanatuluke. Atabwerako anandiuza chinthu chimodzi chimene anaphunzira kunjako: mgaje ukamuuza zoona amaganiza kuti ukufuna kumubera, koma ukamuthokoza amakhulupirira chilichonse. Ndinamudzudzula kuti amenewo si mawu abwino. Anayang'ana pansi.

Ana aamuna a Iorgu ndi Garoafa anatsalira ku Jeremani. Kuno anabwera ndi mwana wamkazi yekha, Zambila, wowonda, wa chifuwa chovuta chimene anachitengera m'zisakasa za ku Falansa.

Nthawi imeneyo tinkakhala m'mphepete mwa mtsinje, m'nyumba za matabwa ndi malata zimene tinamanga tokha. Zaka zonsezo akhonsolo sankadziwa kuti tilipo, mpaka anthu ena olemera atafuna malowo kuti amangepo sitolo yaikulu. Pamenepo anatimvera chisoni mwadzidzidzi. Zisankho zinali pafupi, ndalama zinabwera kuchokera ku mayiko a kumadzulo, ndipo a meya anatimangira nyumba zosanja zachikasu kuseri kwa fakitale, kumene alendo safika. Nyumba iliyonse ya mabanja awiri, lina pansi, lina m'mwamba. Ndiye poti anali anthu oganiza bwino, anakonza kuti okalamba a mawondo ovuta akhale pansi, achinyamata a miyendo yolimba akhale m'mwamba. Anafunsa madokotala, anafunsa amisiri, anafunsa ngakhale ozimitsa moto. Ife anangotifunsa ngati tisaina kapena tidinda chala.

Pakhomo pathu, pansi anapatsa a Tanase ndi ine, tizipinda tiwiri ndi chimbudzi cham'nyumba. M'mwamba anapatsa Iorgu, Garoafa ndi Zambila. Tsiku losamuka, mathirakitala akugumula kale kumtsinje, a Tanase analowa ndi ndodo yawo, anayang'ana mbaula, anayang'ana zenera, kenako anayang'ana kudenga. Anafunsa kuti pamwamba apa pakhala ndani. Anafunsanso, ndipo Iorgu ananena motsitsa mawu.

"Ndiye kuti mkazi wako aziyenda pamwamba pa chipewa changa," anatero a Tanase. "Ine ndikudya, iye akuyenda. Ine ndikugona, siketi ili pamutu. Ndakalamba chonchi kuti ndidzafe marime, kapu yanga ili payokha?"

Nkhani inathera pomwepo, ndipo inatha mwa nzeru zachimuna. A Tanase anakhala pansi chifukwa cha mawondo. Ine ndinakhala nawo. Iorgu anakwera m'mwamba, poti mwamuna pamwamba pa mwamuna palibe mlandu, ndipo anati wina ayenera kuyang'anira nyumbayo. Garoafa sakanakwera. Sakanagonanso pansi, chifukwa mtengwa sagona khoma limodzi ndi apongozi ake n'kumalowa nawo chimbudzi chimodzi. Zambila anali atangotha msinkhu chaka chomwecho, atayamba kuvala siketi yaitali, ndiye mwambo unamugwira nayenso. Mayi ndi mwana anatola matabwa otsala kumtsinje, anakhoma kachisakasa kuseri kwa nyumba, anafolera ndi lona. Boma linatipatsa nyumba ziwiri zofunda, ndipo ife tinagona amuna atatu m'zipinda zinayi, akazi panja.

Masamba atayamba kuyoyoka, Zambila anayamba kutsokomola. Tinkamumva ngakhale titatseka mazenera. Iorgu ankati akumumvanso ali m'mwamba, ndipo zikumusowetsa tulo, zimene zikusonyeza kuti ndi bambo wachikondi. Garoafa anamupempha kuti ayankhule ndi bambo ake. Iorgu anati madala akalamba, angopirira pang'ono, zinthu zidzatha zokha. Ndinali pafupi ndikuwaza nkhuni, ndiye ndinamva yankho lake.

"Chabwino," anatero Garoafa. "Tizidikira maliro awiri, tione oyamba kufika."

Kenako kunabwera mtolankhani, anajambula kachisakasa, nyumba yachikasu ikuoneka kumbuyo, ndipo nyuzipepala inalemba kuti anthu awa ngakhale uwapatse nyumba yachifumu, adzabwerera m'khola. Akhonsolo anatumiza uthenga kuti banja likapanda kukhala m'nyumba imene linapatsidwa chisanu chisanafike, alanda nyumbayo n'kupatsa anthu oyamika.

Akuluakulu athu anakhala bwalo. Anakambirana nthawi yaitali, anadya nkhuku zimene Garoafa anaphika, anakumbutsana milandu yamakedzana, monga wa mkazi amene anadutsa pa mlatho amuna ali m'bwato pansi pake. A Ispas, nkhalamba ya nyumba yoyang'anana nafe, imene yakhala ikulimbirana ogula miphika ndi a Tanase kuyambira ali anyamata, anati njira ilipo, mtsikanayo akwatiwe, akafundire kwa mwamuna, ndipo mdzukulu wawo alipo. Garoafa, amene ankathira madzi osamba m'manja, anathira a Ispas madzi otentha kwambiri. Anapepesa akuyang'ana pansi. Pomaliza bwalo linagamula kuti mwambo ndi mwambo, ndipo Bratu apite kukhonsolo akapemphe kuti a pansi ndi a m'mwamba asinthane, poti ndi iye amene sanama.

Ndinapita nditavala jekete la kumaliro. Ndinapeza mayi wachitsikana wa mawu ofatsa, amene anandipatsa mpando, chinthu chosowa m'maofesi amenewo. Ndinamuuza zonse mmene zilili, za mabeseni, za siketi, za marime. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati kumeneko ndi kupondereza akazi, mkazi ali ndi ufulu woyenda paliponse pamene wafuna. Ndinati n'kutheka, koma pakali pano mkaziyo ali ndi ufulu wogona mu lona. Anati amene anapereka ndalama analamula kuti wovutika miyendo asakhale m'mwamba, ndipo iye sangaphwanye lamulo chifukwa cha zikhulupiriro. Bambo wina wa pa tebulo lakumbuyo, osadzutsa mutu, anati mukanangowagulira mahema. Sindinena kuti mayiyo ananama. Ananena zoona zake, ine ndinanena zanga, ndipo Zambila anapitiriza kutsokomola.

Ngakhale akhonsolo akanalola, a Tanase anali atakana kale. Anati akakwera masitepe amenewo sadzatsikanso, adzafera m'mwamba ngati njiwa.

M'mawa wina tinadzuka madzi a m'mabeseni ataundana gwa. Garoafa anabwera pakhomo atavala siketi yake yofiira ya paukwati, ndalama zakale zasiliva zili lende m'tsitsi loluka, zinthu zimene anasiya kuvala popita m'tauni chifukwa alonda a m'sitolo amamutsatira. M'manja munali ketulo ya mkuwa yophikira khofi, yomaliza imene a Tanase anasula maso asanayambe kuvuta.

"Bambo aang'ono, mundiperekeze kumsika. Mkazi yekha sayankhula ndi akuluakulu."

Ndinafunsa kuti akuluakulu ake ati. Anati ndikaona komweko, ine ntchito yanga n'kuima ndi ndevu.

Kumsika kunali a meya, akugawa zidebe za pulasitiki zolembedwa dzina lawo. Garoafa, mkazi amene sindinamumvepo akukweza mawu, anadutsa pakati pa anthu akufuula madalitso. Anadalitsa a meya, akazi awo, ana awo, galimoto yawo. Alonda anafuna kumukankha, koma wojambula anali atatembenuza kale kamera. Anauza a meya kuti apongozi ake, mmisiri womaliza wa mkuwa m'chigawo chonse, sakugona chifukwa cha kuyamikira, ndipo atsala ndi pempho limodzi asanafe: aime ndi a meya pakhonde la m'mwamba la nyumba yawo yatsopano, awapatse ketulo iyi anthu onse akuona. A meya anayang'ana ketulo, anayang'ana kamera, ndipo maso awo anadzaza chikondi cha pa Aromani.

Pobwerera ndinamuuza kuti wanama, ndipo wanama ine nditaima pambali pake.

"Inu munakanena zoona, bambo aang'ono," anatero akuyang'ana pansi. "Zoona zanuzo ndinayesa kumufunditsa Zambila, sizinamukwane."

Ndinangoyang'ana kumapazi. Si kuti ndinagwirizana naye, koma msewu unali woterera ndipo ndinafunika kusamala poyenda.

Panatsala a Tanase. Mtengwa sakambirana ndi apongozi ake maso ndi maso, ndiye madzulo ake, akuika nkhuni mu mbaula yawo, Garoafa anayamba kuyankhula ndi mbaulayo. Anaiuza kuti a meya akufuna mmisiri wamkulu wa mkuwa kuti adzajambulidwe naye pakhonde la m'mwamba. Anaiuza kuti iye akuganiza zokawauza kuti apongozi ake ndi odwala, sangathe, mwina angoitana a Ispas.

A Tanase nawonso anayankha mbaula. "Ispas? Amene miphika yake imadontha ngati dengu? Ukamuuze meyayo kuti mmisiri alipo mmodzi."

Garoafa anauzanso mbaula kuti kumwambako, akuti, pamwamba pa chipewa cha munthu pamangokhala denga ndi Mulungu. Kenako a Tanase anati akwera, koma kukajambulitsa kokha.

Tsikulo m'mawa anyamata a meya anakwera kukaona m'mwamba, anapezamo matiresi a Iorgu ndi mabotolo. Anati pamenepa sangajambule. Garoafa, ataima pansi pa masitepe, anawapatsa maganizo modzichepetsa, kuti mwina atakwezako bedi la madala, nyundo zawo, chitsulo chawo chosulirapo ndi miphika, pangaoneke ngati pakhomo pa munthu. Anyamatawo anasenza okha, atavala masuti, thukuta lili kamukamu. Anakwezanso bedi langa kuti chipinda chinacho chisaoneke chopanda kanthu. Moyo wanga wonse sindinaonepo mgaje akusenzera Mromani katundu, ndipo sindiyembekeza kudzaonanso.

Oimba malipenga atafika, amuna anayi ananyamula a Tanase pampando, iwo akutukwana pa sitepe iliyonse. Koma atafika pakhonde, ataona msewu wonse uli pansi pawo, a Ispas ali m'khamu atakweza khosi, anawongola chipewa. A meya anayankhula za Ulaya, za ubale, za mitundu yonse kukhala ana a tauni imodzi. Analandira ketulo, anawakumbatira a Tanase, ndipo wojambula atamaliza, a meyawo anapukuta manja ndi kansalu konunkhira. A Tanase anapukuta awo pa jekete.

Amuna tonse tinali m'mwamba kapena mumsewu. Palibe anaona mayi ndi mwana akulowetsa katundu wawo pansi.

Malipenga atapita, kachasu atatha, onyamula mpando aja atabalalika, a Tanase anaitana kuti awatsitse. Anayankha ndi Garoafa, ataima pansi pa masitepe, akuyankhula ndi khoma.

"Khoma iwe, uwauze bambo kuti pansi pano sipali bwino. Zambila anazizidwa, ndamugoneka pamene panali bedi lawo. Masiketi athu ananyowa, ndayanika m'nyumba, ndipo chingwe chadutsa pamwamba pa chitseko poti msomali ndaupeza pomwepo. Ngati akufuna kutsika, nyumba ndi yawo."

Kenako a Tanase anayamba kutukwana a meya, Ulaya, Iorgu, ine, ndi tsiku limene anawoloka mtsinje kukasankha mtsikana woyang'ana pansi. Koma kutsika sanatsike. Munthu sangadutse pansi pa masiketi kuti akatsimikize kuti ndi woyera.

Mawa lake nyuzipepala yomwe ija inatulutsa chithunzi: a meya ndi nkhalamba yoyamika pakhonde la nyumba yake. Mayi wofatsa wa kukhonsolo anabwera, anayang'ana masitepe, anayang'ana mawondo a Tanase, anatsegula pakamwa. Garoafa anamuonetsa chithunzicho, chimene anali atachipachika kale pakhoma m'felemu. Mayiyo anaona kuti akanena kuti nkhalambayo kwake ndi pansi, ndiye kuti a meya anajambulitsa bodza masiku a zisankho. Anafunsa ngati mbaula ikukoka bwino utsi, n'kumapita. Bwalo la akuluakulu linakhalanso, linadya nkhuku zina, ndipo linapeza kuti a Tanase tsopano ndi mwamuna woyera kuposa onse mumsewu wathu, ndiponso kuti nzeru imeneyi inachokera m'bwalomo.

Iorgu anatsikira kwa mkazi wake. Ine ndinayesa kukhala m'mwamba ndi akulu anga, koma munthu amene sangatuluke amayankhula tsiku lonse, ndipo ine ndili ndi katebulo kanga ka zitsulo zakale kumsika, masitepe a tsiku ndi tsiku amandipweteka. Ndinasamukira m'kachipinda ka pansi pa masitepe kamene anakonzera nkhuni. Ndi kakang'ono koma kali ndi chitseko chakechake.

Apa m'pamene tinazindikira chinthu chimene bwalo lonse silinaganize. A Tanase sangatsike, koma amadya. Chakudya chimaphikidwa pansi. Wina ayenera kukwera nacho. Iorgu anati mwamuna wokwatira sasenza mphika anthu akuona. Ine ndinati ndevu zanga zinayera kale, sindingayambe lero. A Tanase anafuula ali m'mwamba kuti sanakatengere mtengwa kutsidya kuti azipakuliridwa ndi mwamuna wamimba. Ndiye wokwera ndi Garoafa. Ndipo Garoafa akakwera, amadutsa pamwamba pa bedi langa, n'kukayenda pamwamba pa mutu wa mwamuna wake.

Iye mwambo amausunga, sanauphwanyepo. Asanakwere amagogoda mphika ndi chipande, kuti amuna a pansi adziwe. Ife timatenga zipewa n'kutuluka, n'kukaima kupitirira pamene pathera denga. M'mawa, masana, madzulo. Poyamba ankangopereka mbale n'kutsika. Pano amasesa, amayala bedi, amauza mbaula ya m'mwamba nkhani za mumsewu, ndipo ndamva kuti mbaulayo imaseka. Amawaphikira khofi, ndipo ndikukayika ngati amaphika wa kapu imodzi. Ndaonanso kuti kukazizira kwambiri, fumbi la m'mwambamo limachuluka.

Tsiku lina chipale chitagwa chambiri, Iorgu anatopa nazo. Garoafa atagogoda, iye anaima pakhomo n'kunena kuti iyi ndi nkhanza, kumutulutsa munthu m'nyumba mwake ngati galu.

Garoafa sanadzutse maso. Anangotambasula manja.

"Nawu mphika, bambo a Zambila. Masitepe ndi awa. Ine ndikhala pansi pano pofunda, palibe amene atuluke."

Iorgu anayang'ana mphika. Anayang'ana tsidya la msewu, kumene a Ispas anali pazenera ndi fodya wawo. Kenako anayang'ana ine, ngati kuti mwina ine ndiulandira. Ine ndinali nditavala kale chipewa. Titaima panja anandifunsa kuti bambo aang'ono, kodi mwambo umanena kuti mkazi azikhala nthawi yaitali bwanji m'mwamba. Ndinamuuza kuti makolo athu ankakhala m'mahema, nkhani ya m'mwamba sanaimalize, ndipo asiye kupondaponda ngati mbuzi, akundithira chipale m'nsapato.

Zambila chifuwa chinamusiya chisanu chomwecho chisanathe. Pano ndi wamtali, sanakwatiwe ndi mdzukulu wa a Ispas, amaphunzira kusoka m'tauni, ndipo akafika kumeneko amavala thalauza, akuganiza kuti ine sindidziwa. A Tanase akadali moyo. Amakhala pakhonde n'kumapereka moni kwa odutsa ngati wansembe, ndipo amauza aliyense kuti zokwera m'mwamba anaganiza okha. A meya anapambana zisankho, ndipo ketulo ija ndamva kuti ili mu ofesi, amaikamo zolembera. Agaje a pa galimoto akupitiriza kutiloza, ndipo pa chinthu chimodzi amalondola: palibe amene watikakamiza kuima panja. Mphika uli pomwepo, ndipo si wolemera. Ndaunyamulapo ndi maso kangapo.

Ndilekere pano. Chipande chalira.